Mneneri watchula ambuya kuti ndi mfiti: kodi Mkhristu aime pati?

Funso

Mayi wina wa ku Mchini muno mu Chipata, amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe, wafunsa motere: "Mwana wa mng'ono wanga anamwalira mwezi watha atangodwala masiku ochepa. Kuchipatala anati ndi malungo ndi kuchepa kwa magazi. Alongo anga awiri sanakhutire, ndipo anapita kwa mneneri wina amene anthu amamutcha Papa, yemwe anawauza kuti ambuya athu obereka amayi, amene amakhala kumudzi ku Chadiza, ndiwo anadya mwanayo. Anawagulitsa mafuta odzozera ndi masitika omata pachitseko, ndipo tsopano akusonkhetsa ndalama za galimoto kuti akawathamangitse ambuyawo ndi kutentha nyumba yawo. Nditakana kusonkha anandiwerengera Eksodo 22:18, nanena kuti wopembedza mafano ndine, chifukwa chaka chatha ndinapita ku mwambo wa Achewa wa Kulamba. Kodi wolakwa ndani pamaso pa Mulungu, nanga Mkhristu wa masiku ano angapewe bwanji mafano ndi chiwawa?"

Yankho

Amayi, ndiyambe ndi kupepesa maliro a mwanayo, chifukwa pansi pa mkangano wonsewu pali mayi amene wataya mwana ndi amalume awiri amene mtima ukuwawawa, ndipo munthu wofuna kuthandiza banja lanu osalabadira chisoni chimenechi sadzamvedwa. Komabe funso lanu loyamba silifuna kuzungulira. Munachita bwino kukana, ndipo musasonkhe ngakhale ngwee imodzi, pakuti ulendo umene alongo anu akukonza ndi tchimo pamaso pa Mulungu komanso mlandu waukulu pa malamulo a Zambia. Funso lachiwiri ndilo lofuna kukhalira pansi, chifukwa mafano ndi chiwawa, zimene mwazitchula ngati zinthu ziwiri, m'Baibulo zimayenda pamodzi, kotero kuti pamene paoneka chimodzi ndi nzeru kufunafuna chinzake.

Salimo 106, kuyambira ndime 36 mpaka 38, limasimba kuti Aisraeli atayamba kutumikira mafano a ku Kanani, mafanowo anasanduka msampha wawo mpaka anakhetsa mwazi wosalakwa wa ana awo omwe. Mneneri Ezekieli, pa mutu 22, akudzudzula Yerusalemu pa milandu iwiri yophatikizana, wokhetsa mwazi ndi wodzipangira mafano. Paulo naye, potchula ntchito za thupi pa Agalatiya 5:19-21, waika kupembedza mafano ndi nyanga pamzere umodzi ndi udani, ndewu, nsanje ndi kupsa mtima, nati ochita zotere sadzalowa mu Ufumu wa Mulungu. Munthu amene amadana ndi nyanga koma ali kunola chikwanje chokakhapira mbale wake sanatuluke pamzere umenewu.

Chimene ziwirizi zimayendera pamodzi n'chosavuta kuchimvetsa. Fano si chosema chokha cha mtengo kapena cha mwala. Ndi chilichonse, kaya munthu, botolo, ndalama kapena chipani, chimene tachipatsa mantha athu, chidaliro chathu ndi kumvera kosafunsa mafunso, zimene ziyenera Mulungu yekha. Chinthu chotere chimalonjeza zimene sichingathe kupereka, kuti m'nyumba simudzalowa matenda, kuti malonda sadzagwa, kuti imfa idzalambalala khomo lanu. Tsono matenda akalowa ndithu, mwini fano sanganene kuti katundu wake ndi wachabe, popeza ndi pamene amadyera, koma amati pali munthu amene akutsekereza dalitso. Wotsekerezayo sapezeka konse pakati pa anthu amphamvu, amene ali ndi ana apolisi kapena maloya, koma nthawi zonse pakati pa amasiye, nkhalamba, olumala ndi alendo.

Buku la Machitidwe likuonetsa zimenezi kawiri. Ku Efeso, pa mutu 19, wosula siliva dzina lake Demetriyo ataona kuti malonda a tiakachisi ta Artemi akutsika, anasonkhanitsa amisiri anzake, nayamba ndi nkhani ya phindu lawo asanatchule ulemu wa mulungu wawo wamkaziyo. Mzinda wonse unasokonezeka, khamu linafuula pafupifupi maola awiri, ndipo Luka akuti ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe chimene anasonkhanira, mpaka mlembi wa mzinda anawakumbutsa kuti mabwalo a milandu alipo. Ku Lustra, pa mutu 14, anthu amene anabwera ndi ng'ombe kuti apereke nsembe kwa Paulo ndi Barnaba, powayesa milungu, ndi omwewo amene anakopedwa pambuyo pake naponya Paulo miyala, namukokera kunja kwa mzinda poyesa kuti wafa.

Tibwere tsono ku mafuta ndi masitika. Sindikunena kuti mafuta ndi oipa, pakuti Yakobo 5:14 amalangiza wodwala kuitana akulu a mpingo kuti amupempherere ndi kumudzoza mafuta m'dzina la Ambuye, ndipo mipingo monga Katolika ndi Anglican imachitabe zimenezi mpaka lero. Koma taonani kuti pa ndime yotsatira chopulumutsa wodwalayo ndi pemphero la chikhulupiriro, womudzutsa ndi Ambuye, ndipo oitanidwa ndi akulu a mpingo wodziwika, osati munthu mmodzi amene palibe womufunsa kapena womudzudzula. Ena amatchula nsalu zochokera pathupi la Paulo pa Machitidwe 19:11-12. N'zoona kuti odwala anachira nazo, koma Paulo sanazigulitse, ndipo ndime zotsatira zikusimba za ana a Skeva amene anayesa kugwiritsa ntchito dzina la Yesu ngati mankhwala, nathawa ali maliseche ndi mabala m'thupi. Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, Petro anamuyankha kuti ndalama zakezo ziwonongeke naye pamodzi.

Nkhani imene ine ndimaona kuti imathandiza koposa ili pa 2 Mafumu 18:4. Njoka yamkuwa imene Mose anapanga m'chipululu anailamula ndi Mulungu mwini, ndipo olumidwa ndi njoka ankachira poiyang'ana. Koma patapita zaka mazana ambiri anthu anali kuifukizira lubani, mfumu Hezekiya naiphwanya, ndipo Malembo akumuyamikira. Ngati chinthu chotuluka m'manja mwa Mose chinasanduka fano, botolo logulidwa pa mapemphero ochezera usiku silingapulumuke chifukwa chongolembedwa vesi. Ndalowa m'nyumba za Akhristu mmene mayi anadula chithumwa m'chiuno mwa khanda, monga anaphunzitsidwa ku chigwirizano, n'kumanga pamalo omwewo kansalu kodzozedwa ndi Papa. Khandalo likatentha thupi usiku, amayamba walidontheza mafuta paliwombo ndi kuligonetsa pansi pa kalendala yokhala ndi nkhope ya mneneri, kuchipatala n'kupita pa tsiku lachitatu mwana atalefuka kale. Chithumwa changosintha maonekedwe, koma ntchito yake ndi mantha ake n'zomwe zija. Aliyense angathe kudziyesa yekha pa zimenezi: botolo litasweka lero, kapena sitika itamatuka pachitseko, kodi mungagone tulo mutangopemphera kwa Atate m'dzina la Yesu? Amene sangathe adziwe kuti chidaliro chake chinasamuka.

Fano loopsa kuposa botolo ndi munthu amene mawu ake saloledwa kuyesedwa. Korneliyo atagwada pamapazi a Petro, Petro anamudzutsa nati iyenso ndi munthu chabe. Anthu a ku Bereya anayamikiridwa chifukwa ankafufuza m'Malembo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo akunena zili zoona, ndipo 1 Yohane 4:1 amatilamula kuyesa mizimu chifukwa aneneri onyenga ndi ambiri. Kulemekeza abusa n'koyenera, ndipo ine sindili m'gulu la amene amanyoza mipingo ya Pentekoste ngati kuti yonse ndi ya malonda, pakuti muli atumiki okhulupirika ambiri mmenemo. Koma pamene amuna awiri aakulu akonzeka kutentha nyumba ya mayi amene anabereka mayi wawo, popanda umboni wina uliwonse koma mawu a munthu amene sanawaonepo ambuyawo, munthu ameneyo wakhala pampando umene suli wake.

Zimene mneneriyo anachita sizisiyana ndi kuombeza ula, kumene Deuteronomo 18:10-12 amaletsa. Kachitidwe kake n'kodziwika kwa aliyense amene anakhalapo pafupi. Ofedwa amafika ali ndi munthu kale mumtima, woombeza nafunsa mafunso ooneka ngati mavumbulutso: kumudzi kwanu kuli nkhalamba yokhala yokha? Munakanganapo za munda kapena za ng'ombe? Pali amene sanalire bwino pamaliro? Palibe banja kuno kum'mawa limene lingayankhe kuti ayi pa mafunso onsewa. Akaona pamene nkhope zasinthira amakhomerera pomwepo, ofedwawo n'kutuluka akudabwa kuti wadziwa bwanji, chonsecho amuuza okha. Kusiyana kwake ndi ng'anga ya kumudzi n'kwakuti uyu wavala suti ndipo wagwira Baibulo m'malo mwa nsupa.

Za Eksodo 22:18, lamulo lakuti mfiti isalekedwe ndi moyo, pali zinthu zimene alongo anu ayenera kuzimva. Lamuloli linaperekedwa kwa oweruza a mtundu wa Israeli, osati kwa achibale okwiya, ndipo chilamulo chomwecho chimati munthu asaphedwe pa umboni wa munthu mmodzi koma wa awiri kapena atatu, ndi kuti nkhani ifufuzidwe bwinobwino, monga pa Deuteronomo 17:4-6. Pa Deuteronomo 19:16-19 chimawonjeza kuti mboni yonama ilandire chilango chimene inafunira mbale wake. Wofuna kuimira pa chilamulo cha Mose aimirepo ndi miyendo yonse, ndipo adzapeza kuti oyamba kugwidwa nacho ndi woombezayo ndi iye mwini. Koposa apo, ife ndife anthu a Chipangano Chatsopano, mmene simupezeka mtumwi ngakhale mmodzi wosaka mfiti. Simoni, amene zamatsenga zake zinali zodziwika mzinda wonse, anauzidwa kuti alape. Amatsenga a ku Efeso anatentha mabuku awo ndi manja awo, mtengo wake ndalama zasiliva 50,000, popanda wowamenya. Yakobo ndi Yohane atafuna kuitanira moto pa mudzi wa Asamariya umene unakana Yesu, Iye anatembenuka nawadzudzula, ndipo Petro atasolola lupanga pofuna kuteteza Ambuye wake anauzidwa kuti alibweze m'chimake. Ngati lupanga linakanidwa poteteza Yesu weniweni, sindiona mmene machesi angaloledwere pomvera mneneri.

Sindikufuna kutsutsana nanu kapena ndi alongo anu ngati mphamvu zamdima zilipo, chifukwa Baibulo limavomereza kuti zilipo, koma Aefeso 6:12 akunena mosabisa kuti kulimbana kwathu sikuli ndi thupi ndi mwazi, ndipo ambuya anu ndi thupi ndi mwazi. Komanso imfa ya mwanayo ili ndi chifukwa chodziwika. Tizilombo ta malungo timaswa maselo ofiira a magazi, ndipo mwa mwana wosafika zaka 5 magazi amatha msanga, mwina m'masiku owerengeka. Tikafika ku ubongo mwana amakomoka ndi kugwedezeka, maso n'kutembenuka, zimene kwa woonerera zimaoneka ngati walodzedwa. Kufulumira kwa imfa yotere si umboni wa ufiti. Ndiwonjeze chinthu china chimene chaphetsa nkhalamba zambiri. Pali matenda a ubongo obwera ndi ukalamba, amene achipatala amawatcha dementia, omwe amachititsa munthu kuiwala njira ya kwawo, kuyenda usiku ndi kulankhula zosamveka. Nkhalamba yotere imapezeka m'bandakucha pabwalo la eni, chitenje chitamasuka, ikuitana mayina a anthu amene anamwalira kalekale, ndipo anyamata akaizungulira n'kuifunsa mwaukali ngati yabwera kudzatamba, imavomera chifukwa imavomera chilichonse. Ameneyo ndi wodwala wofunika chofunda ndi womuperekeza kwawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo alongo anuwo nawonso adzakalamba.

Dziko lathu laona kale kumene njira imeneyi imathera. Mu 1925 munthu wina wochokera ku Nyasaland, Tomo Nyirenda, amene ankatchedwa Mwana Lesa, anayamba kubatiza anthu pakati pa Alala cha ku Mkushi, nanena kuti pobatizapo amazindikira mfiti. Amene anawatchula anawamiza m'madzi mpaka kufa, anawolokera ku Katanga kumene anaphanso ambiri, ndipo mu 1926 ananyongedwa pamodzi ndi mfumu imene inkamuthandiza. M'zaka za m'ma 1930 kunabwera a Mchape, akuyenda ndi kalilole woonera mfiti ndi mankhwala omwetsa mudzi wonse, akulonjeza kuti ufiti watha, uku akugulitsa zithumwa zawozawo. Anthu anapitiriza kumwalira monga kale. Mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, umene unayamba ku Chinsali mu 1953 ndi uthenga wabwino ndithu wotaya nyanga ndi zithumwa, unafika mu 1964 pomenyana ndi otsatira chipani cha UNIP ndi asilikali a boma, mwazi nufika mpaka ku Lundazi m'chigawo chathu chino, ndipo anthu oposa 700 anafa miyezi yochepa ufulu wa pa 24 Okutobala usanafike. Pa nkhondo imeneyo mbali ina inakweza mneneri wake ndipo ina inakweza khadi la chipani, mpaka munthu wa mbali inayo analeka kuoneka ngati munthu. Ndipo kumayambiriro kwa 2020, pa nthawi ya mphekesera za anthu opopera gasi m'nyumba, zimene zinafala pa WhatsApp ndi Facebook, makamu okwiya anapha anthu makumi angapo, ena mwa iwo alendo ongodutsa. Zimenezi zinachitika m'dziko limene Pulezidenti Frederick Chiluba analilengeza kuti ndi la Chikhristu pa 29 Disembala 1991, ndipo mawu amenewo analowa m'chiyambi cha malamulo aakulu a dziko mu 1996. N'kutheka kuti ambiri mwa oponya miyalawo Lamulungu lotsatira anali m'tchalitchi.

Pa malamulo, alongo anu adziwe kuti Witchcraft Act, Mutu 90 wa malamulo a Zambia, umati ndi mlandu kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndiponso ndi mlandu kudzipanga wosaka mfiti, kotero kuti mneneriyo wapalamula kale. Kutentha nyumba ndi mlandu umene chilango chake chikhoza kufika pa ndende ya moyo wonse, ndipo anthu akapangana kuchita choipa n'kupita pamodzi, lamulo silisankha amene anagwira machesi yekha. Chilango cha imfa chinathetsedwa mu Disembala 2022, kutanthauza kuti ngakhale boma, limene Aroma 13 amati lili ndi lupanga, linasiya kupha opezeka olakwa m'khoti. Nanga munthu wamba angatenge kuti ulamuliro wolanga nkhalamba imene sinazengedwe mlandu?

Za Kulamba ndinene mwachidule, chifukwa pa nkhani yanu anaitchula pofuna kukutsekani pakamwa. Kuyambira pamene amishoni a Dutch Reformed anafika pa Magwero mu 1899, mipingo ya kuno yakhala ikulimbana ndi funso la miyambo, ndipo mpaka lero sigwirizana, makamaka pa za Gule Wamkulu. Ku Mkaika mu Ogasiti mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakapereka ulemu ndi mphatso kwa Kalonga Gawa Undi ndi kumufotokozera za anthu awo, monganso Angoni amasonkhana ku Mtenguleni mu Febuluwale pa Nc'wala kuti Mpezeni alawe zakumunda zatsopano. Kupereka ulemu kwa mfumu si kupembedza, pakuti Aroma 13:7 ndi 1 Petro 2:17 amatilamula kutero. Malire ali pamene munthu ayamba kupemphera kwa mizimu, kuthira nsembe, kapena kuyembekeza mvula ndi chitetezo kuchokera kwa akufa. Paulo, pa 1 Akorinto 8 ndi 10, analola okhulupirira kudya nyama yogulidwa pamsika osafunsafunsa, koma anawaletsa kukhala nawo pagome la nsembe, nawapempha kuganizira chikumbumtima cha mbale wofooka. Ngati munapita kukaona mtundu wanu, kupereka ulemu ndi kubwerako, ine sindipeza fano pamenepo. Koma funsani zimene mpingo wanu umaphunzitsa, popeza munalonjeza kuumvera, ndipo pamene pakhala kuopseza odutsa kapena kukokera anyamata kudambwe mokakamiza, Mkhristu akane poyera chifukwa chimenechonso ndi chiwawa.

Mwafunsanso za Mkhristu wa masiku ano mwachisawawa, ndipo yankho n'lomwelo: fufuzani chimene munthu ali wokonzeka kupwetekera mnzake, ndipo mudzapeza mulungu wake. Akolose 3:5 amatcha umbombo kupembedza mafano, ndipo Yakobo 4:1-2 akuti nkhondo ndi ndewu zimachokera ku zilakolako zosakhutira. N'chifukwa chake abale amakhapana pa malire a munda, achibale a mwamuna amalanda katundu wa mayi wamasiye maliro asanathe, ndipo wofuna kukhwima amafika pokhetsa mwazi. Pa ndale, mnyamata amene amaimba kwaya Lamulungu, Lolemba n'kupatsidwa kachasu ndi ndalama zochepa kuti akagende msonkhano wa chipani china, waiwala Salimo 146:3, limene limaletsa kudalira akalonga; ndikunena za makada a chipani chilichonse, chifukwa mtundu wa malaya umasintha koma mwala ndi womwewo. Kuvota ndi kukonda chipani si tchimo, koma chipani chimene chikufuna magazi a mnansi wako chapempha nsembe.

M'nyumba ndi mmene chiwawa cha Akhristu chimabisala kwambiri. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti amayi 36 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anachitidwapo nkhanza zapathupi kuyambira ali ndi zaka 15. Fano la mwamuna womenya ndi ulemu wake, umene amaufuna ngati nsembe, ndipo nsima ikachedwa kapena mkazi akayankha amaona ngati guwa lake ladetsedwa. Akolose 3:19 amaletsa amuna kuwawira mtima akazi awo, Aefeso 5:28-29 akuti palibe munthu adana ndi thupi lake, ndipo 1 Timoteyo 3:3 salola munthu wandewu kukhala woyang'anira mpingo. Alangizi amene amabweza mkazi wotupa nkhope ndi mawu akuti banja ndi kupirira, osamuitana mwamunayo, aika mbiri ya banja pamwamba pa moyo wa munthu. Lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la mu 2011 lilipo, ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo nambala ya 933 ndi yaulere kwa ochitidwa nkhanza.

Ena adzakuuzani kuti Mkhristu sapita ku polisi, chifukwa Yesu anati wokupanda tsaya lamanja umutembenuzire linalo. Mawu amenewo, pamodzi ndi Aroma 12:19, amaletsa kubwezera. Saletsa kuteteza wofooka kapena kupempha chilungamo. Yesu mwini atapandidwa khofi pamaso pa mkulu wa ansembe sanabwezere, koma anafunsa chifukwa chimene amumenyera, ndipo Paulo atamangidwa kuti akwapulidwe anatchula ufulu wake monga nzika ya Roma. Nkhani yofanana kwambiri ndi yanu ili pa Machitidwe 23:12-24. Amuna oposa 40 analumbira kuti sadya kapena kumwa mpaka atapha Paulo, akuyesa kuti akutumikira Mulungu. Mwana wa mlongo wake wa Paulo atamva za chiwembucho sanangopemphera n'kukhala chete, koma anakauza Paulo, Paulo namutumiza kwa mkulu wa asilikali, ndipo usiku womwewo anamuchotsa mu Yerusalemu ndi asilikali omuperekeza. Mnyamata ameneyo Malembo samutcha wopereka abale.

Chotero chitani izi sabata lino lisanathe. Kaonaneni ndi mwini mbumba, kaya ndi atsibweni anu kapena wamkulu wina wa kuchikazi amene alongo anu amamuopa, mumufotokozere zonse, chifukwa nkhani yokhudza ambuya si ya adzukulu okha. Tumizani uthenga kwa anyakwawa a mudziwo kuti adziwiretu, ndipo ngati n'kotheka ambuya akayambe akhala kwa wachibale wina mpaka mitima itazizira, powauza mwaulemu kuti akukacheza, osati ngati othawa mlandu. Pemphani abusa anu ndi akulu a mpingo awiri kuti akayendere alongo anu kunyumba kwawo, ayambe ndi kulira nawo maliro asanatsegule Baibulo, ndipo ngati alongowo alola, mupite nawo kwa wachipatala amene angawafotokozere mmene malungo anathera magazi a mwanayo. Musakangane nawo pa gulu la WhatsApp la banja, pamene aliyense amalankhula poopa kuoneka wogonja, ndipo musayambe ndi kunyoza mneneri wawo kapena kuswa mabotolo a m'nyumba mwa mng'ono wanu, chifukwa iye akufuna mkulu wake womukhalira pafupi, ndipo mabotolowo adzawataya yekha akadzapeza pena potsamira. Dziwaninso kuti woteteza wotchulidwa ufiti kawirikawiri naye amatchulidwa, n'chifukwa chake akulu a mpingo ndi a banja adziwe maganizo anu kuchokera pakamwa panu mphekesera zisanawafike. Alongo anu akakana kumva onsewa, kapereni lipoti ku polisi muno mu Chipata ndi ku Chadiza, muwauze alongowo pamaso kuti mwatero ndi chifukwa chake, ndipo usiku umene mudzamve kuti galimoto yapezeka, muimbire apolisi ndi anyakwawa nthawi yomweyo osadikira kuti kuche.